Mizere Iwiri

Unabwera Lachiwiri, Asiyatu,
mvula ya Januwale itatsika m'phiri
n'kudzaza Likangala mpaka m'khosi.
Matope a ku Chikanda anali m'mapazi mwako,
kabuku kachikasu utakakulunga m'jumbo ya shuga.

Ndinakubaya chala. Kadontho kamodzi basi.
Tinadikira, iwe maso pa kalendala yakale pakhoma,
ine ndikunamizira kufunafuna cholembera
chomwe chinali m'tsitsi mwanga.
Mizere inatuluka iwiri.

Sunalire. Unangofunsa kuti,
"Nanga uyu?" dzanja lili pamimba.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili mzamba
koma funso limenelo limandiumitsabe kukhosi.
Ndinatenga kalipenga kanga kachitsulo,
kukamwa kwake pansi pa mchombo wako, khutu langa pamwamba:
gu-gu-gu-gu, ngati mwana wothamangira belu la sukulu.
Ndinati, uyu ali pa ulendo wake,
ife yathu n'kumulambulira njira.
Piritsi limodzi tsiku lililonse. Usadumphitse.
Ngakhale pamaliro. Ngakhale mutayambana kunyumba.

Mwezi wotsatira unandinong'oneza kuti botolo limalongolola,
pa kabaza limangoti tcheketche-tcheketche m'chikwama
pomwe wopalasayo ndi mlamu wako.
Tinatsenderamo thonje. Linakhala chete.
Izi kusukulu ya unamwino sanatiphunzitse.

A Twaibu anabwera mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri.
Anaima patsinde pa m'bawa maola awiri
akusenda khungwa ndi chikhadabo.
Sindinawanyengerere. Ndinatuluka ndi kapu ya madzi
n'kunena kuti, bambo, dzuwa likuswa mtengo, mkatimu muli benchi.
Analowa.
Zomwe tinakamba zinatsala momwemo;
chitseko chathu chilibe loko, koma sichiulula.

Usiku umene matenda anakuyamba magetsi anali atazima,
nkhungu itameza phiri lonse.
Mayi Namakhwa okolopa aja anagwira tochi ya foni.
Unanditukwana m'Chiyao. Ndinamva zonse.
Ndinati tukwana, koma kankha.
Magolovesi ndinavala monga ndimavalira kwa aliyense,
osati ophatikiza awiriawiri.
Unaona. Ndinaona kuti waona.

Folo koloko m'bandakucha, mtsikana,
makilo awiri ndi theka, mawu a makilo khumi.
Ndinamudonthezera mankhwala m'kakamwa,
anakwinya nkhope ngati walawa bwemba.
Bere lokha, ndinati, mpaka miyezi isanu ndi umodzi.
Apongozi akabwera ndi dawale
uwauze kuti mzamba wakaniza, ndi mayi wovuta.
Mlandu umenewo ndisenza ine.

Si onse amabwerera.
M'kaundula wanga muli malo ongoti mbee.
Esinta wa ku Jali anasowa mwezi wachisanu,
nambala yake amayankha ndi bambo wina
amene akuti dzinalo sakulidziwa.
Ndimaimbabe Lachisanu lililonse, ndi mayunitsi anga,
ndipo ndikakwera minibasi ndimasuzumira nkhope za amayi obereka ana.

Lero wabwera naye Mwanaisha, zaka ziwiri zakwana,
wavala tinsapato tolira akaponda.
Wagwetsa kale mbale yanga ya thonje.
Ndamubaya chala, wandimenya padzanja.
Tadikira. Kalendala ndi yomwe ija.

Mzere umodzi.

Tadikirabe pang'ono, poti mtima sukhulupirira msanga.
Umodzi.

Wakhala pansi pasimenti, Asiyatu, miyendo tambalale,
n'kulira kulira kuja unasunga Lachiwiri lija.
Mwana wakuyang'ana modabwa, wakupatsa nsapato imodzi.
Ndakusiya ulire.
Piritsi lako la usiku uno usaiwale, ndakuuza uli pakhomo.

Panja pali amayi makumi atatu ndi anayi,
tiyi wanga wazizira kalekale
ndipo sikelo yayambanso kunama.

Wotsatira alowe.